Ndinabooletsa kunsi, pano patupa. Ndichotse kachitsuloka kapena ndikasiye?

Nachisale_wa_ku_Joni, Lachiwiri, 22:41

Poyamba ndipepese kwa akuluakulu amene muli muno, chifukwa nkhani yangayi si yokambira pagulu. Ndalemba n'kufufuta kanayi konse, koma ululu wandilimbitsa mtima kuti ndingotumiza basi. Ofuna kundiweruza dikirani kaye ndipole, mudzandiweruza bwino ndili wamphamvu.

Ndine mayi wa zaka 31, ndimaluka tsitsi pa saluni ina kuno ku Johannesburg. Masabata anayi apitawo, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwanga, ndinapita kukabooletsa kunsi. Osati pamchombo ayi, kunsi kwenikweniko, pa kakhungu kapamwamba kamene kamaphimba kachiwalo kathu ka amayi kaja. Oboolawo amati VCH. Chifukwa chake musandifunse. Ndinkafuna, ndalama inali yanga.

Malo ake anali aukhondo, sindinama. Anandiboola mayi mnzanga, atavala magolovesi, ndipo singano anaitulutsa m'kapepala komata ine ndikuona. Ndinalipira 650 rand. Ululu wake unali ngati walumidwa ndi mavu, kenako zii. Anandiika kachitsulo kopindika pang'ono ngati nthochi, ka timipira tiwiri, kotuwa, kosawala. Anandiuza kuti ndisakasinthe mpaka patatha masabata 8, ndizingopopera madzi amchere a m'kabotolo kamene anandigulitsa. Masabata awiri oyamba kunalibe vuto lililonse. Timagazi masiku awiri, basi. Mpaka ndinayamba kudzitama kuti ine thupi langa ndi lopola msanga.

Apa ndi pamene ndinaziputa dala. Abambo amene ndili nawo pa ubwenzi amayendetsa thiraki, amabwera mwa apo ndi apo. Atandiimbira kuti afika Lachisanu, kachitsulo kotuwa kaja kanayamba kundinyansa. Ndinagula kena pa tebulo la m'mbali mwa msewu pafupi ndi renki ya matakisi, 40 rand, kooneka ngati golide, ka mwala wofiira. Lachinayi usiku, tsiku la 16, ndinakhala pansi m'bafa, galasi patsogolo, tochi ya foni mkamwa, n'kusintha ndekha. Kanakana kwa theka la ola, kenako ndinangokakankha. Magazi anatuluka. Wikendi imeneyo tinakhala malo amodzi, opanda kondomu, poti ndi munthu wanga.

Lolemba ndinadzuka ndi kuyabwa kosasimbika. Kuyabwa kofuna kukanda ndi chisa. Ndinatenga spiriti uja timapukutira malezala ku saluni n'kupaka ndi thonje. Ndinakuwa mpaka woyandikana naye chipinda anagogoda. Kenako ndinayamba kukhala m'beseni la madzi a Dettol madzulo alionse. Zitakanika ndinasinthira ku madzi otentha othira mchere wodzaza dzanja, n'kumamaliza ndi vaselini kuti pafewe. Mnzanga wa ku saluni (ndinamunamiza kuti ndi bala la pamchombo) anati nditsegule kapisozi ndithire ufa wake pabalapo. Zimenezo zokha ndiye sindinachite.

Mmene palili usiku uno: patupa, pafiira, khungu la m'mbali likusupuka. Pa bowo lapamwamba patuluka kanyama kofiira kakukula ngati njere ya khobwe, ndikangokakhudza kakuchucha magazi. Kampira kapansi kakumira m'nyama, ndikungoona nsonga yake. M'mawa ndimapeza timadzi toyera mwachikasu titauma pachitsulopo ngati manthongo. Pokodza ndiye ngati ndathira tsabola wa kambuzi. Ntchito yanga ndi yoimirira tsiku lonse mu jinzi, ndipo mabampu a m'takisi ndimawawerenga limodzilimodzi.

Ndiye ndithandizeni. Ndichotse? Timadzi timeneti ndi mafinya? Kanyamaka ndi kaja kamakula osasiya? Mkulu wanga ali ndi chotupa chachikulu kukhutu chimene chinayamba atabooletsa ndolo, ndipo ndikaganiza kuti choterocho chimere kumeneku, tulo sitikubwera. Ku kiliniki ndikuopa. Mukudziwa mmene zimakhalira kwa ife obwera, ndiye uwonjezerepo kuvula pamaso pa nesi n'kumuonetsa mwala wofiira.

Mayi_a_Chiko, Lachiwiri, 23:05

Mwanangu, ine ndangogwira pakamwa. Makutu alipo, mphuno ilipo, mikanda ya m'chiuno ilipo yamitundumitundu, iwe n'kukasankha kumeneko? Amayi ako akanamva akanakomoka. Koma poti zachitika kale, chotsa chinthucho usiku uno womwe, ukachitaye m'chimbudzi. Usambe madzi ofunda, upake jivi, pouma pokha. Ife ana athu onse mabala awo tinapoletsa ndi jivi. Ndipo abambo a thirakiwo akudziwa kuti ukuvutika chonchi, kapena anangodya n'kupukuta pakamwa?

Nesi_wa_Usiku, Lachitatu, 00:18

Achemwali, musachotse kaye, ndipo jiviyo musapake. Amayi a Chiko, mundikhululukire, ndimakulemekezani, koma apa ndikutsutsani. Ndine nesi. Ndinagwira ntchito kwathu zaka 6, pano ndili ku Leeds ku England, ndipo zoterezi zimatipeza, kawirikawiri pakati pa usiku, munthu atapirira sabata yonse chifukwa cha manyazi. Sindingakupimeni pa foni, koma zimene mwalembazi zikundiuza zambiri.

Bala la kuboola silili ngati lodzicheka ndi mpeni. Ndi kanjira kodutsa m'nyama, ndipo thupi limayenera kuyala khungu latsopano mkati mwa kanjirako, kuyambira ku mabowo onse awiri mpaka kukakumana pakati. Khungu limenelo limayamba lopyapyala ngati kaja ka mkati mwa chigoba cha dzira. Pa VCH ntchitoyi imatenga masabata 4 mpaka 8 ngati palibe chosokoneza, ndipo kunja kumaoneka kopola msanga mkati musanapole. Ndi zimene zinakupusitsani. Pa tsiku la 16 munang'amba zonse zimene thupi linamanga. Masiku muziwerenga kuyambira pamenepo, kapena ndinene kuti kuyambira tsiku limene musiye kupazunza.

Tsono kachitsulo ka 40 rand. Zoterezi zimangopakidwa mtundu wa golide pamwamba, mkati mumakhala zitsulo zosakaniza, kawirikawiri muli nickel, ndipo chopakacho sichichedwa kusupuka pamalo achinyezi. Anthu ambiri, makamaka ife amayi, khungu lathu siligwirizana ndi nickel. Takumbukirani, ndolo zotchipa sizinakuyabwitsenipo makutu? Batani la jinzi silinakutulutsenipo tiziphuphu pansi pa mchombo? Kuyabwa koposa kuwawa, kufiira, kusupuka ndi kuchucha timadzi, patangopita masiku ochepa chisinthireni chitsulo, ndi mmene nickel amadzionetsera. Kotuwa kanakunyansani kaja mwina kanali ka titanium, chitsulo chimene madokotala amaika ngakhale m'mafupa. Ndiponso oboola odziwa ntchito amaika dala kotalikirapo kuti pakatupa pakhale mpata. Kanu katsopanoka n'kakafupi, n'chifukwa chake kampira kakumira. Pa zonse mwalembazi, chimenechi ndiye chikundidetsa nkhawa, chifukwa khungu likakakwirira, kukatulutsa kwake n'kochita kucheka kuchipatala. Kukacha pitani kwa mayi anakuboolaniyo. Ali ndi zipangizo zogwirira timipira toterera, ndipo akhoza kukuikani kena ka titanium kotalika, kodutsa kale mu autoclave, makina aja ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha kufika madigiri 121 kapena 134. Kakale kaja musakabwezeretse nokha kuchokera m'chikwama. Akakukalipirani pang'ono, pirirani.

Za spiriti, Dettol ndi zina zotero. Zimapha tizilombo, inde, koma zimapsereza limodzi ndi khungu lanthete lija. Khungu la kumeneko ndi lofewa ngati la mkamwa. Mungamachukuche spiriti mkamwa kawiri patsiku? Mchere wodzaza dzanja ndi wosungira nsomba, umayamwa madzi m'nyama, bala n'kumang'aluka. Vaselini amatseka mabowo n'kusunga litsiro mkati. Jivi naye amaumitsa, komanso amabisa mtundu wa khungu, ndiye dokotala sangaone ngati kufiira kukufalikira. Kapisozi mwachita bwino kukana. Ufa umenewo sunapangidwire pabala.

Chofunika ndi saline wa 0.9%, kutanthauza magalamu 9 a mchere pa lita imodzi ya madzi, omwe aja timaika mu dripi. Ku famase iliyonse alipo. Muwerenge pabotolo, pakhale madzi ndi sodium chloride basi. Kawiri patsiku, mutasamba m'manja ndi sopo, poperani, dikirani timanthongo tifewe titsike tokha, kenako gunditsani gozi kapena kapepala koyera kuti paume. Thaulo ayi, limakola chitsulo komanso limasunga tizilombo. Osazunguza kachitsulo, osakakokera uku ndi uku. Mukakodza tsukuluzani ndi madzi oyera, ndipo muzimwa madzi ambiri kuti mkodzo usamalume. M'beseni musiye kukhalamo, sambani choimirira. Sopo asalowe mkati, mungadziyambitsire mauka pamwamba pa vuto lilipoli. Zikavutitsitsa ndalama, wiritsani madzi, azizire, thirani kotala chabe ya supuni ya tiyi ya mchere mu kapu ya 250 ml. Mukalawa asapose misozi. Koma wa m'botolo ndiye wabwino, poti dzanja la munthu wamantha limathira mchere wambiri.

Timadzi toyera mwachikasu touma ngati manthongo si mafinya. Bala lililonse la kuboola limatulutsa timeneti likamapola. Mafinya amakhala olimbirako ngati phala, achikasu kwambiri kapena obiriwira, nthawi zambiri onunkha, ndipo amabwera ndi kutentha ndi ululu wogunda.

Kanyama kofiira kochucha magaziko, mwa zonse mwanenazi, ndi nyama yokwiya chabe imene imamera bala likamakhuzidwa, kupanikizika ndi kukhala pachinyezi. Chokwiyitsacho chikachoka, kamaphwa pang'onopang'ono. Cha akulu anucho dzina lake ndi keloid, ndipo n'zoona kuti chimavutitsa kwambiri ife akhungu lakuda komanso chimayenda kumtundu. Koma keloid simera m'masiku 8. Imatenga miyezi, imakhala yolimba ngati labala, ndipo imakula kupyola malire a bala. Imakonda makutu, pachifuwa ndi m'mapewa. Kanuko musakafinye, musakamange ndi ulusi.

Chifukwa chimene ndakanira kuchotsa nokha n'chakuti, ngati mkatimo mwayamba mafinya, chitsulocho ndi chimene chikusunga njira yoti azitulukira. Mukachotsa, mabowo a pamalo ofewa chonchi amatsekeka msanga, nthawi zina m'maola ochepa, mafinya n'kutsekeredwa mkati, n'kusanduka chithupsa chofunika kutumbula. Pali nthawi imene chimayenera kuchoka ndithu, koma agamule ndi munthu amene akuona ndi maso.

Mundiyankhe izi musanagone. Thupi likutentha kapena mukumva kuzizidwa? M'mphechepeche muli mwanabere? Kufiirako kukukwera kapena kuli pamodzimodzi? Muli ndi matenda a shuga? Ndinu oyembekezera?

Wa_ku_Bellville, Lachitatu, 01:02

Achemwali, simuli nokha, ena tinadutsamo, kungoti sitinena. Ine ndi bambo, ndimaotcherera zitsulo kuno ku Cape Town, ndipo ndinabooletsa ija amati Prince Albert, mphete yolowera pa njira ya mkodzo n'kutulukira kunsi. Zanga n'zosiyana ndi zanu, koma uchitsiru wake ndi umodzi.

Yathuyi imatulutsa magazi kwambiri masiku oyamba. Anandichenjeza, koma m'mawa woyamba nditaona shiti ndinayamba kuganiza za amene adzanyamule maliro anga kupita ku Mulanje. Masiku atatu ndinkagona nditakulunga gozi, kenako anasiya okha. Kukodza ndinaphunzira kokhala pansi ngati mwana, poti ukaimirira mkodzo umatsata mphete n'kuthirira nsapato. Zonsezo zinali zabwinobwino. Vuto ndinaliyamba ndekha sabata yachitatu, nditapita kukasewera mpira Lamulungu. Mpira sunandimenye, koma kuthamanga kokhako, mphete ikugwedezeka m'kabudula wotaya, madzulo ndinapeza patatupa. Mantha atandigwira ndinaichotsa usiku, ndikuti ndibwezera m'mawa pakaphwa. M'mawa bowo ndinalisaka ngati ndalama yogwera mumchenga. Linali litatsekeka. Patatha masiku anayi kunsi kunatuluka chithupsa, ndipo manyazi amene ndinkawathawa aja anandipeza owirikiza, chifukwa anakachitumbula kuchipatala, ndi ophunzira awiri ataimirira pambali akulemba m'makope. Ndiye zimene akunena anesiwo za kusachotsa wekha, ine ndine umboni wake.

Nditapola ndinakabooletsanso patatha miyezi, ndipo ulendo wachiwiri ndinamvera. Kabudula wamkati wathonje, wogwira bwino kuti chitsulo chisamavinevine, kusintha tsiku lililonse. Kunyanja ndi ku dziwe losambira osapitako mpaka kupola. Za m'nyumba ndinadikira, ndipo titayambiranso inali kondomu nthawi zonse kwa miyezi iwiri ngakhale ndi mayi wa kunyumba yemwe. Si nkhani yokayikirana ayi. Munthu aliyense ali ndi tizilombo take pakhungu, m'malovu ndi m'madzi a m'thupi, ndipo bala losapola silidziwa kuti uyu ndi wachikondi. Malovu makamaka, asayandikire n'komwe. Mafuta ofewetsera akhale aja amadzi, poti vaselini amaboola kondomu.

Kwa abambo anzanga amene mukuwerenga mwakachetechete: ngati simunadulidwe, khungu lakutsogolo mukalibweza potsuka muzilibwezeretsanso. Likakanirira kumbuyo pamalo potupa limamanga ngati legeni, ndipo zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala ola lomwelo. Mphete yopyapyala kwambiri nayo muikane, imacheka nyama pang'onopang'ono ngati waya pa sopo.

Amayi a Chiko, agogo anga anali ndi chipini pamphuno ndi mphini kumaso mpaka pachifuwa, zotema ndi lezala, ndipo ankati n'zokongoletsa. Kuboola thupi sitinakuonere ku Joni. Malo okha ndi amene asintha.

Nachisale_wa_ku_Joni, Lachitatu, 01:30

Anesi, zikomo, ndawerenga kawiri. Batani la jinzi ndiye mwalasa, ndimachita kulimata pulasitala chaka chonse, koma sindinaganizeko kuti n'zogwirizana. Shuga ndilibe, anandiyeza chaka chatha. Woyembekezera ayi, ndangomaliza kumene kumwezi, ndipo mwina mapadi aja anawonjezera moto chifukwa ndinkakhala nayo imodzi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Choyezera kutentha ndilibe, koma kuyambira madzulo ndikumva kuzizidwa, ndafunda mabulangete awiri. Ndapapasa m'mphechepeche kumanzere, muli kambulu kowawa ngati nsawawa. Ndipo ndisabise, nditayang'ananso ndi tochi, pansi pa kampira komira kaja patuluka zachikasu zolimbirako, zafungo. Sizili ngati manthongo aja.

Achimwene a ku Bellville, mwandiseketsa ndili m'misozi. Amayi a Chiko, abambo a thirakiwo sakudziwa, ali ku Beitbridge pamzere.

Nesi_wa_Usiku, Lachitatu, 01:44

Basi achemwali, apa nkhani yasintha. Kuzizidwa, mwanabere ndi mafinya afungo, zitatuzi pamodzi zikusonyeza kuti tizilombo talowa, si nickel yekha ayi. Saline yekha sangathetse zimenezi. Mukufunika dokotala lero Lachitatu, osati mukaweruka, osati Loweruka. Kwa oboola mukhoza kudzera m'mawa kuti akuchotsereni kakafupiko n'kuika kotalika, koma oboola si dokotala, sangakupatseni mankhwala. Tengani cholembera mujambule mzere pakhungu pamene kufiira kwalekezera. Kukadutsa mzerewo usiku uno, kapena mukayamba kunjenjemera, kusanza, chizungulire, kulephera kukodza, kapena khungu likayamba kuda ndi ululu woposa mmene pakuonekera, musadikire kuti kuche, pitani ku chipatala cha odwala mwadzidzidzi. Panado mukhoza kumwa. Makapisozi otsala a mnzanu kapena ogula pamsika ayi, chifukwa tizilombo ta pakhungu timamva mankhwala ena okha, osati alionse, ndipo theka la mankhwala olakwika limangosokoneza amene akakuoneniyo.

Mukakafika mukanene zonse mmene mwatiuzira ife, za tsiku la 16, za spiriti, za wikendi ija. Ndipo poti munakhala malo amodzi popanda kondomu bala lili lotseguka, mukapemphe akuyezeni HIV ndi matenda ena opatsirana. PEP, mankhwala aja oteteza ku HIV munthu akagonana mosadziteteza, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye nthawi imeneyo inadutsa, chatsala n'kuyezetsa pano, kenako kubwerezanso pakatha miyezi itatu. Mukafunsenso za hepatitis B, matenda aja a chiwindi. Kachilombo kake kamatha kukhala ndi moyo pa chitsulo chouma kwa masiku 7, ndipo simukudziwa manja amene anagwira ka pa tebulo kaja. Katemera wake alipo.

Za manyazi, ndikuuzeni monga nesi: pa shifiti imodzi timaona zinthu zoti mwala wanu wofiirawo pofika nthawi ya tiyi tidzakhala titauiwala. Muli ndi ufulu wopempha kuti akuoneni ndi mayi, kapena kuti m'chipindamo mukhale mayi wina. Padi muzisintha pafupipafupi, ndipo jinziyo ipume.

Mayi_a_Chiko, Lachitatu, 05:52

Ndadzuka ndi iwe m'mutu mwanangu. Za jivi ndabweza, amvere anesiwo, iwo ndi amene anaphunzira. Koma upite ndithu, usati poti kwacha ululu wachepa. Ife tinaika m'manda mtsikana wa kwathu amene anabisa chotupa cha kumalo obisika mpaka chinamulowa m'magazi, ankaopa kuvula. Ukadakhala pafupi ndikadakuperekeza ndekha, n'kumakukalipira njira yonse. Valira chitenje, usaiwale kudya kanthu usanamwe mankhwala. Ndipo iwe wa ku Bellville, agogo akowo chipini ankachionetsa kumsika, yakoyo ukaionetse kuti?

Nachisale_wa_ku_Joni, Loweruka la sabata yotsatira, 19:26

Ndabwera kudzapereka lipoti, poti ena mwakhala mukundifunsa kumbali.

Lachitatu lija ndinajambula mzere monga munanenera anesi, ndipo pofika 6 koloko kufiira kunali kutaudutsa pang'ono, ngati mulifupi mwa chala. Ndinalawirira kwa mayi anandiboola uja. Atangoyang'ana anapuma mpweya wautali, sananene kanthu, ndipo kusanena kwakeko kunandiwawa kuposa kukalipa. Kampira komira kaja anakagwira ndi kachipangizo kangati kopanira nsidze, n'kukapotokola. Ndinaluma chikwama changa. Katatuluka anandionetsa pa gozi: golide yense anali atasupuka pakati, patatsala chitsulo chakuda mobiriwira ngati ndalama yakale yokumba m'munda. Chimenecho ndi chimene ndinayenda nacho m'nyama masiku 13. Anandiika ka titanium kotalika, kotuwa ngati koyamba kaja, ndipo anakana kuti ndibwerere ku saluni. Anachita kundilozera khomo la dokotala.

Ku kiliniki ya boma sindinapite, ndisaname, mtima unakana. Ndinapita kwa dokotala wolipira, ndalama imene ndinasungira katundu wotumiza kumudzi inathera pamenepo. Anali mayi wachikulire wa magalasi. Ndinayamba ndi kupepesa, iye n'kundidula kuti ndingokwera pabedi. Kutentha kunali 38.2. Anatenga mafinya pa kathonje kukayeza, anati chithupsa chinali chisanapangike, ndipo chitsulo chatsopanocho chikhale pomwepo kuti zoipa zizituluka. Anandipatsa mankhwala akumwa a masiku 7 n'kundiuza kuti ndikapanda kusintha pakatha masiku awiri ndibwerere. HIV anayeza, palibe, ndibwereranso pakatha miyezi itatu. Katemera wa hepatitis B ndabayitsa woyamba, atsala awiri.

Kuzizidwa kunatha Lachisanu. Mwanabere anatenga sabata kuti aphwe. Kuyabwa kuja ndiye kunachepa tsiku lomwe chitsulo chinasinthidwa, moti ndinagona tulo kuyambira 8 koloko mpaka alamu. Mankhwala aja anandibweretsera mauka tsiku lachisanu, ndinaimba foni kwa dokotala, anandiuza choti ndikagule ku famase, zinatha. Kanyama kofiira kaja kakadalipo koma kafota, pano kali ngati njere ya mapira ndipo sikakuchuchanso. Timanthongo tikubwerabe m'mawa. Dzanja limafuna kutitokosa ndi chikhadabo, koma ndimalimenya.

Abambo a thiraki ndinawauza zonse pa foni. Anayamba ndi kuseka, kenako atamva za 38.2 anakhala chete, n'kutumiza theka la ndalama ya dokotala. Ndawauza kuti akabwera mwezi uno akagona kukhoma, ndipo pambuyo pake ndi kondomu mpaka mayi woboola uja atanena yekha kuti papola. Za kukayezetsa limodzi ayankha kuti "tiona", ndiye nkhani imeneyo ikadali pamoto.

Funso limodzi anesi, mukapeza mpata. Kachitsulo kotalikaka nthawi zina kamakola panti ndikamakhala pansi. Mayi uja anati ndidzapite akandiike kofupikirapo kutupa kukatheratu, koma sananene tsiku. Ndidikire kanyamaka kathe kaye, kapena kukolako ndi kumene kukukachedwetsa?

Ku saluni sabata yonseyi ndakhala ndikuvala masiketi ataliatali ndi chitenje pamwamba. Anzanga agwirizana kuti ndalowa mpingo watsopano, ndipo mmodzi wandifunsa kale kuti mapemphero ake amayamba nthawi yanji.